Kompyuta Yozima Yokha ya Amayi Aune

"Mwagwiranso, Amayi! Musakane, mwagwira ndithu!"

"Ndagwira ndi chiyani? Manja anga ndi awa, ali mu ufa. Kapena ndili ndi dzanja lachitatu limene ukuliona ndiwe wekha?"

Amene ankakuwayo anali mwamuna wanga Raimo, ataima pakhomo pa chipinda chaching'ono, makutu ali psuu. Amene ankamuyankha anali apongozi anga, Amayi Aune, a zaka 79, akukanda ufa wa mabanzi kukhitchini. Ine Outi ndinali pakati pawo ndi kapu ya khofi m'manja, ndikudziwa kuti Loweruka lathu lapita basi.

"Ndinangotuluka pang'ono kupita kuchimbudzi," Raimo anatero akuloza m'chipindamo. "Kompyutayi ndaisiya ili pa 41 peresenti, ikuyenda bwinobwino. Pobwera ndapeza yazima, yadziyatsanso yokha, ikundifunsanso kuti ndimalankhula chilankhulo chanji. Kachitatu tsopano!"

"Mwina ikufuna kutsimikiza kuti ndiwedi wa ku Finland kuno," ndinatero.

Sanaseke. Mwamuna wanga akapsa mtima nthabwala zimamudutsa pamwamba.

Nkhani yake inali iyi. Manesi anali atasiya kufika kumudzi kwa Amayi tsiku ndi tsiku. Msewu ndi wautali, manesiwo ndi ochepa, ndipo m'mudzimo mwatsala nyumba zisanu ndi imodzi zofuka utsi. Kunabwera kalata yakuti okalamba okhala okha azionana ndi nesi pa kompyuta m'mawa uliwonse, aone ngati adzuka bwino ndiponso ngati amwa mankhwala. Amene sangakwanitse zimenezi, malo alipo kunyumba yosungira okalamba mtauni, makilomita 90 kuchoka pakhomo pawo. Nesi wamkulu, Mayi Kettunen, anati adzabwera Lachisanu lomaliza la Januwale kudzaona ndi maso awo.

Kompyuta Amayi anali nayo, chibokosi chakale chimene ankaonerapo zithunzi za adzukulu. Koma pulogalamu ya manesi inkakana kulowa pokhapokha pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyutayo itasinthidwa. Raimo amasamala makompyuta ku fakitale ya matabwa, ndiye anati imeneyo ndi ntchito ya ola limodzi. Ola limodzilo linali litabala ana anayi.

"Bwera udzamwe khofi, mwana wanga," anatero Amayi. "Ipume kaye. Nayonso ndi nkhalamba."

"N'chifukwa chake mukugwirizana," anatero Raimo akukhala pansi.

"Eya, timamvana. Ndipo ndikuuze, isanazime ija nyali ya m'kholido inaphethira."

"Amayi, nyali ndi nyali, kompyuta ndi kompyuta."

"Ndikungonena zimene ndaona."

"Za maso anu aja adokotala anati chiyani?"

"Anati ndi abwino kuposa ako. Iwe magalasi unayamba kuvala uli ndi zaka khumi, ndinakagula ndine."

"Zamagetsi za masiku ano si zija za nthawi ya Bambo. Tsobola wakale sawawa, Amayi."

"Koma galu wamkota sakandira pachabe. Idya banzi, lizizira."

Ine ndinaseka, Raimo anadya mabanzi atatu mokwiya, ndipo anayesanso kachinayi. Inafika pa 62 n'kuzima. Apa Amayi anali atakhala pa mpando akuluka sokosi, koma Raimo anati mwina anakoka waya ndi phazi m'mawa muja.

Pobwerera mtauni ndinamufunsa m'galimoto.

"Bwanji osangoinyamula kompyutayo ukaikonzere kunyumba, mtima uli m'malo?"

"Ine? Munthu wosamala makompyuta makumi anayi, ndinyamule chibokosi pamsana ngati chandigonjetsa? Kompyuta ilibe vuto. Vuto ndi amene akukhala nayo."

"Ndiye tiwagulire ina yatsopano, yaing'ono yopinda."

"Kugulira munthu amene mwezi wamawa adzakhala ali mtauni?"

"Ee! Wawasamutsa kale?"

"Outi, tisamanamizane. Loweruka lililonse makilomita 90 kupita, 90 kubwera, pa msewu woterera ngati uno. Nkhuni ndiwaze, denga ndichotse chipale. Kumeneko kuli chakudya chotentha, kuli manesi, kuli anzawo. Ndikuwafunira zabwino."

"Iwo wawafunsa?"

"Angayankhe chiyani? Akana basi."

Ndinene zoona, nanenso ulendo wa Loweruka unkanditopetsa. Ndinayang'ana mitengo pawindo mpaka tinafika.

Loweruka lotsatira kunazizira kwambiri, madigiri 22 pansi pa ziro. Titafika, Raimo anachita zimene aliyense amachita kuno akaimika galimoto nyengo ino. Anatulutsa chingwe n'kulumikiza galimoto ku soketi ya pakhoma panja, kuti injini isaume ndi chisanu ndiponso kuti kahita ka m'kati kazifunditsa mipando. Kenako analowa ndi chikwama chodzaza ndi zida, nkhope ili ngati ya dokotala wopita kukang'amba munthu.

Anatsegula chibokosicho pathebulo. Anapemerera fumbi ndi kampopi, fumbilo linabwerera kumaso kwake, anayetsemula kasanu. Anachotsa timatabwa tiwiri tobiriwira timene amati ndi tosunga nzeru za kompyuta, n'kuikamo tatsopano. Fulashi imene munali pulogalamu anaisinthanso, poti mwina yoyamba ija inali yowonongeka.

"Tsopano timvane," anatero. "Amayi, lero simulowa m'chipinda muno. Outi, khala nawo kukhitchini, usawasiye ngakhale mphindi imodzi."

"M'nyumba mwanga momwe?" anafunsa Amayi.

"N'kwa ola limodzi lokha."

"Ola lako lija ndimalidziwa. Outi, tiye kundende. Koma mlonda wanga asende mbatata."

Tinakhala kukhitchini, ine ndikusenda mbatata za supu ya nsomba, iwo akudula anyezi. Ine ndinapatsa msana kholido, iwo analiyang'ana. Ngakhale kunali masana nyali inali yoyaka, poti mu Januwale dzuwa limangosuzumira n'kubwerera.

"Mukudandaula, Amayi?" ndinafunsa.

"Kudandaula ayi. Ndikungodabwa kuti munthu ndinamuphunzitsa kugwira supuni lero akundiikira mlonda. Ukudziwa kuti kunyumba ya okalamba kuja kuli Hilkka, mnzanga wa kutchalitchi? Ndinakamuona chaka chatha. Khofi amamwa nthawi imene belu lalira. Pawindo pake amaona poimika magalimoto. Anandifunsa ngati mtengo wa maapulo wa kwawo unabereka, ine ndinanama kuti unabereka, chonsecho anthu amene anagula nyumba anaudula."

"Iii, Amayi."

"Si kuti kumeneko ndi koipa. Tsiku miyendo ikadzakana ndidzanena ndekha. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Koma lero ndimawaza nkhuni, ndimaphika, ndimakumbukira tsiku lobadwa la aliyense wa inu, ngakhale la Raimo amene langa amaiwala."

Anasiya kudula anyezi, mpeni uli m'mwamba.

"Yazima," anatero.

Sanamalize n'komwe kunena, m'chipinda muja munamveka mawu amene sindingawalembe pano.

"Mwadziwa bwanji?" ndinafunsa.

"Ndanena kale, nyali yaphethira. Ndipo chodabwitsa n'chakuti pakati pa sabata siphethira. Ndakhala ndikuiyang'ana kuyambira Lamlungu. Imaphethira mukabwera inu basi."

"Ndiye kuti timabwera ndi mizukwa m'galimoto?" ndinatero ndikuseka.

"Seka, mwana wanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiipeza."

Apa ndiye pamene ndinalakwa ine. Kunali kungotembenuza mpando, n'kuyang'ana nyaliyo pamodzi nawo. Sindinatembenuke. Ndinapitiriza kusenda mbatata, mumtima ndikuti agogo angolota mwamwayi. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Raimo anali ataima pakhomo pa khitchini, wamva zonse.

"Ndiye akuti ndife tikuzimitsa?"

"Sindinati ndinu. Ndati imaphethira mukabwera."

"Amayi, ine ndakhala m'chipinda muja sindinaone nyali ikuphethira."

"Ungaione bwanji mphuno ili pa sikirini?"

"Mwina munathiramo khofi mwezi watha n'kuiwala."

"Khofi wanga ndimathira m'kamwa. Zaka makumi asanu ndi awiri sindinaphonyepo."

Tinadya supu. Atayesa kawiri kena n'kulephera, Raimo anavala jekete kutuluka panja ndi foni. Ndinamutsatira kukataya makoko a mbatata, ndipo ndinamumva kuseri kwa shedi ya nkhuni akulankhula ndi mawu ake aulemu aja.

"Inde, Mayi Kettunen, pepani kukuvutitsani Loweruka. Ayi, siyinatheke. Koma chimene chikundidetsa nkhawa si kompyuta. Ayamba kuona nyali zikuphethira, zimene ife sitikuziona. Ndipo akuti ife ndi amene timabwera nazo. Eya. Eya, ndimati mudziwiretu."

Atadula foni ndinamuimirira kutsogolo ndi ndowa yanga.

"Iwe Raimo, wachita chiyani?"

"Ndanena zoona. Wanama ndani?"

"Wanena zoona mokhotetsa. Ukudziwa bwino zimene nesi alembe akamva mawu amenewo."

"Nawenso unaseka, Outi. Ndinakumva."

"Kuseka ndi kwina, kuimba foni ndi kwina! Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Iwe chakuvuta ndi chibokosi chija, ndiye ukufuna mlandu ugwere mutu wa amayi ako?"

"Si nkhani ya chibokosi."

"Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwana wathu Venla akuona zonsezi. Tsiku udzaiwale pamene waika makiyi, mwana wako yemweyo adzaimba foni kuseri kwa shedi."

"Venla sangatero."

"Amayi nawonso ankati Raimo sangatero."

Ulendo wobwerera tinayenda makilomita 90 wailesi yokha ikulankhula.

Lachitatu madzulo foni ya Raimo inalira tikudya. Anali Amayi. Ndinamva iye akuti, "Amayi, ngati ndi za nyali zija, chonde, tidzakambirana Lachisanu. Mwamwa mankhwala? Chabwino, gonani bwino." Foniyo sinathe mphindi imodzi.

Lachisanu linafika ndi chisanu choluma mphuno, madigiri 27 pansi pa ziro. Raimo anapempha tchuthi kuntchito. Nditatsegula kumbuyo kwa galimoto kuti ndiike keke, ndinapeza makatoni opinda khumi, aliwonse atalembedwa kale ndi cholembera chakuda.

"Awa ndi a chiyani?"

"Kungokonzekera. Ngati nesi anena kuti malo alipo Lolemba, tidzayendenso ulendo wina wa makatoni okha?"

Ndinafuna kuwataya mu chipale, koma ndinaona kuti tikayambana pano sitifika.

Titafika Raimo analumikiza galimoto monga mwa nthawi zonse, n'kulowetsa makatoniwo m'kholido mwakachetechete, kuwayedzamiritsa kukhoma kuseri kwa majekete. Amayi anawaona. Anali atavala diresi lawo la buluu la kutchalitchi, tsitsi atalipesa bwino, ndipo pathebulo panali makapu aja a maluwa amene amatuluka pa Khirisimasi pokha.

"Raimo, ndikufuna ndikuuze za Lachitatu lija."

"Nesi akapita, Amayi. Ndikufuna ndiyambitse kompyuta kuti adzaone okha mmene ikuchitira."

Mayi Kettunen anafika itangokwana wani koloko, mayi wamfupi wonenepa, wa masaya ofiira, wooneka kuti wayendera kale nyumba zinayi tsiku limenelo. Anavula nsapato, anapereka moni kwa Amayi, koma Raimo anawakokera m'chipinda cha kompyuta asanakhale n'komwe pansi. Ine ndinayamba kutereka khofi, khutu lili komweko.

"Mukuona, tsopano ili pa 12," Raimo ankatero. "Ifika penapake izima. Ndasintha zonse zosinthika."

"Nanga Amayi anuwo amadya bwino?" anafunsa nesi.

"Amadya."

"Amagona bwino? Amasochera?"

"Kusochera sindinganene, koma sitikhala nawo pakati pa sabata."

Abale, munthu ali m'chipinda chinacho, wamoyo, wovala diresi la buluu, koma akumukamba ngati ng'ombe ya pamsika. Ndinatembenuka kuti ndiwauze Amayi alowe akadziyankhire okha. Pa mpando panalibe munthu.

Ndinayang'ana kuchipinda chogona, kulibe. Kuchimbudzi, kulibe.

"Raimo! Amayi ali kuti?"

Anatuluka onse awiri. Chijasi chachikulu cha malemu apongozi aamuna sichinali pa msomali, nsapato za ubweya zija kunalibenso.

"Mwaona?" anatero Raimo, ndipo mantha analidi nawo. "Kuzizira konseku! Izi ndi zimene ndimaopa ine."

Asanavale nsapato chitseko chinatseguka. Amayi analowa, nsidze zili mbuu ndi chisanu, akupukuta manja. Anakoleka chijasi pa msomali mosapupuluma.

"Mwaimiranji nonse m'kholido ngati pali maliro? Outi, khofi wapsa?"

"Mayi Aune," anatero nesi mofatsa, mawu aja amene amalankhulira ana ndi odwala. "Munapita kuti panja?"

"Ndinakakonza kompyuta."

Raimo anatsinzina. Nesi anatulutsa kabuku n'kulemba kenakake. Ine mumtima ndinati basi, nyumba yapita.

"Kompyuta ili m'chipinda umu, Mayi Aune," anatero nesi.

"Ndikudziwa kumene ili, ndimaipukuta fumbi ndine. Tiyeni timwe khofi. Ipatseni nthawi. Chitseko chisiyeni chotsegula kuti mwana wanga aziona manambala ake."

Tinakhala pathebulo. Sindinamwepo khofi wovuta kumeza ngati ameneyo. Amayi okha ndiwo ankacheza. Anafunsa nesi kuti kwawo ndi kuti, ndipo atamva dzina la mudzi anati, "Ndiye ndinu mdzukulu wa Kettunen wokonza mabwato uja? Agogo anu anavina nane kamodzi, anandiponda chala mpaka chinatupa." Nesi anaseka mosafuna, n'kuyang'ananso kabuku kake.

Raimo sankamva chilichonse. Khosi linali litapindikira kuchipinda.

"41," ananong'ona.

"Tenga keke," anatero Amayi.

Patapita nthawi anati, "62." Anaika kapu pansi, kudikira. Sikirini sinade. "63. 64."

"Kodi imafika pati kuti yatha?" anafunsa Amayi, ngati sakudziwa.

"Pa 100."

"Ndiye ikadali ndi ulendo. Mayi Kettunen, ndikuthirireni wina?"

Pa 80 Raimo anaimirira. Pa 95 tonse tinali m'chipindamo, nesi ali ndi keke m'manja. Itafika pa 100 kompyuta inazima, Raimo anagwira mutu, koma Amayi anati, "Nyali sinaphethire, kumeneku n'kuzima kwabwino." Inayakanso, ndipo m'malo mofunsa chilankhulo inaonetsa chithunzi cha phiri ndi mawu otilonjera.

"Yatheka!" Raimo anakuwa. "Ndinadziwa! Ndi timatabwa tatsopano tija, timafuna nthawi kuti tizolowere."

"Timazolowera ngati nsapato?" ndinafunsa.

Zala zake zinathamanga, anaika pulogalamu ya manesi, ndipo posakhalitsa pa sikirini panaoneka nesi wachinyamata wa mtauni, chakudya chili m'kamwa, akubayibitsa. Amayi anakhala pa mpando, anakonza kolala, anamuuza dzina lawo, tsiku, mankhwala atatu amene amamwa ndi nthawi zake, n'kumulangiza kuti asamadye ataimirira.

Atamaliza anatembenuka.

"Tsopano Raimo, vala jekete. Pita ukalumikizenso galimoto yako. Chingwe ndachikulunga bwino, chili pa galasi lakumanzere."

"Munazula galimoto yanga?"

"Pita. Enanu imani apa, muyang'ane nyali ya m'kholido. Outi, ulendo uno utembenuke."

Ndinatembenuka, nkhope ikuyaka. Tinamva chitseko, tinamva mapazi akukukuta chipale panja. Kenako nyali ija inati phethi, kuchita mdima pang'ono n'kubwerera. M'chipinda kompyuta inati zii, sikirini bii, n'kuyamba kudziyatsanso.

Mayi Kettunen anaseka mpaka anakhala pansi pa bokosi la nsapato. Raimo analowa, kuyang'ana sikirini, kuyang'ana amayi ake, kukamwa kuli yasa.

"Soketi ya panja ija anaika ndi bambo ako, chaka chimene unayamba sukulu," anatero Amayi. "Waya anaukoka kuchokera m'chipinda chomwechi, poti ndiye chinali pafupi. Kholido, chipinda ichi ndi panja, zonse zimamwa pa waya umodzi wowonda. Kagalimoto ka bambo ako kankangofunditsa injini. Yako ili ndi chihita cha mipando chimene chimayaka galimoto ikazizira, n'kuzima ikafunda. Chikayaka chimakoka magetsi onse, nyali iphethira, nkhalamba inzangayi ikomoka."

"Munadziwa liti?" Raimo anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Lachitatu. Veikko wochotsa chipale mumsewu anaima kudzamwa khofi, analumikiza galimoto yake pomwepo. Nyali inaphethira, iwe uli mtauni. Ndinati ohoo, mzukwa uja ndi uwu. Ndinakuimbira madzulo omwewo."

"Munandiimbira."

"Unandifunsa ngati ndamwa mankhwala."

Raimo anakhala pa mpando wa kompyuta, jekete ali chivalire. Munthu wamkulu wa zaka 54, wa imvi m'ndevu, makutu ali psuu ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'thumba.

"Safunsa anadya phula, mwamuna wanga," ndinatero.

"Iwenso khala chete, mlonda," anatero Amayi. "Unali nane kukhitchini."



Nesi anapukuta misozi ya kuseka, anatsegula kabuku kake n'kudula mzere wautali pa zimene analemba zija.

"Bambo Raimo, mukandiimbiranso foni za nyali, ndidzayamba ndakuyezani inuyo. Kompyuta isamukire kukhitchini, pa waya wina. Ndipo muitane wamagetsi adzaone waya uja asanawotche nyumba." Kenako anatembenukira kwa Amayi, ndipo mawu aja a ana ndi odwala anali atawasiya. "Mayi Aune, inuyo mukufuna chiyani? Kukhala kuno kapena kupita mtauni?"

"Kuno."

"Ndiye tionana pa kompyuta Lolemba, eyiti koloko m'mawa."

"Ikani hafu pasiti seveni. Eyiti koloko ndimakhala ndikudyetsa mbalame."

Nesi atapita, Raimo ananyamula chibokosi kupita nacho kukhitchini, analumikiza mawaya onse, anayesa kawiri, chinayenda. Kenako ndinamuona akuzembera m'kholido, akusonkhanitsa makatoni aja pansi pa mkono kuti awabweze kugalimoto.

"Asiye amenewo," anatero Amayi osatembenuka. "Makatoni amakoleza moto bwino. Bwera nawo kuno."

Anabwera nawo ngati wanyamula miyala. Amayi anakhala pa kampando kawo pafupi ndi mbaula, anatsegula kachitseko kake, n'kuyamba kuwatenga limodzilimodzi akuwerenga zolembedwazo mokweza.

"Zovala. Mankhwala. Zithunzi. Ziwiya zochepa. Ee, zochepa! Unandisankhira kale ndi makapu omwe?"

"Amayi..."

"Nsapato. Mabuku." Anaima. Katoni lachisanu ndi chiwiri analiyang'ana nthawi yaitali. Linali lalikulu kuposa onse, ndipo kumbuyo kwake kunali ena atatu olembedwa chimodzimodzi. "Zotaya," anawerenga. "Anayi onsewa. Umu umati uikemo chiyani, mwana wanga?"

Raimo anayang'ana chijasi cha bambo ake pa msomali, anayang'ana makapeti amene Amayi analuka okha, anayang'ana pansi. Misozi inatsikira m'ndevu, ndipo ine amene ndinakonza mawu ambiri omulasa nawo ndinawameza onse.

"Pepani, Amayi," anatero. "Sindinakufunseni."

"Sunandifunse," anavomera. Anamupatsa katoni lalikulu lija. "Ng'amba. Manja anga atopa, ndagwira ntchito ya makompyuta tsiku lonse."

Raimo anagwada pafupi ndi mbaula, anang'amba katonilo pakati penipeni pa mawu aja, n'kuponya pamoto. Linayaka msanga. Amayi anatambasula mapazi kuwotha, n'kumupatsa lachiwiri.